Nkhuku ya Kirimu Tsiku Loika Mwaba

Ndinadzuka kusanache, kuzizira kwa Juni kutandilowa m'mafupa. Ndinali nditagona pampando panja pa nyumba yathu ku Kabwata, pakati pa amuna amene anachezera pa maliro a mkazi wanga, Mwaba. Moto wa zitsa unali utasanduka phulusa. M'nyumba azimayi a kutchalitchi ankaimbabe nyimbo za Chibemba, chinenero cha kwawo kwa malemu, mawu atasasa. Ine kwathu ndi ku Chipata, ndipo nyimbozo sindinkazidziwa.

Kutayera, azimayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba. Ndiwo zinali kabichi ndi nyemba zopanda saladi, chifukwa chaka chimenecho mafuta ophikira ankasowa m'masitolo. Anthu anadzaza mpaka kumsewu. Tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu analankhula nthawi yaitali, koma dzina la malemu analiphonya.

Kenaka pachipata panaima galimoto yoyera. Munatuluka mayi wa ku Kabulonga kumene Mwaba ankagwira ntchito yophika. Sanakhalitse. Anasiya nkhuku yososola kale ndi botolo la kirimu, mkaka wolemera uja. Azimayi anati nkhuku imodzi singakwanire khamu lotere, ndipo anangoziika pozizira kukhitchini.

Mwana wathu Chanda, wa zaka zisanu ndi zitatu, ankakana chakudya chiyambire maliro. Mlamu wanga, mkulu wake wa Mwaba wochokera ku Mansa, anandiitanira pambali, nanditchula mwa Chibemba kuti bambo a Chanda.

"Ba shi Chanda, mailo nipita naye mwana. Ni wathu. Mwamuna yekha sangasunge mwana mkazi."

Mailo ndiye kuti mawa. Mwambo wawo ndinkaudziwa, ndipo panalibe m'bale wanga woti andilankhulire.

Tinakwera malole dzuwa lili pamutu, mphepo ikuulutsa fumbi. M'tauni tinadutsa anthu ali pamzere wogula ufa. Amuna anavula zipewa, koma palibe amene anasuntha pamalo pake. Kumanda a Chingwere tinapeza maliro ena akuikidwa pafupi, nyimbo zawo ndi zathu zikusokonezana. Pamene dothi linayamba kugwera pabokosi, Chanda anagwira jekete langa osalisiya mpaka tinabwerera.

Anthu anasamba m'manja pachipata, anadya, nabalalika. Pofika madzulo mlamu anali atalongedza zovala za mwana, tulo titamugwira kuchipinda. Ndinalowa kukhitchini ndipo ndinapeza nkhuku ija. Mwaba ankatiphikira nkhuku ya kirimu Lamlungu la kumapeto kwa mwezi, monga anaphunzirira kuntchito. Ine ndinkangoonerera, sindinaiphikepo.

Ndinakoleza mbaula. Ndinaduladula nkhukuyo, ndinayamba kukazinga khungu kuti litulutse mafuta ake, kenaka nyama ndi anyezi. Ndinawaza ufa wa tirigu pang'ono, ndinathira madzi, ndi kuvundikira. Itafewa ndinatsegula botolo kuti ndithire kirimu mumsuzi wobwadamuka.

"Atate, chosani poto pamoto." Anali Chanda, ataima pakhomo. "Izizileko poyamba. Mukathila manje izadukaduka."

Ndinaphula poto. Tinadikira kuti izizire. Iye anathira kirimu pang'onopang'ono, ine ndikutakasa, mpaka msuzi unayera ndi kumata pamthiko.

Tinakhala pamphasa awiriwiri. Analawa, nati mchere wachepa, koma anadya ntchafu yonse n'kupempha msuzi wina. Atakhuta anandifunsa ngati ku Mansa kumapezeka kirimu. Ndinati sindikudziwa.

"Ndiye muzinisungilako. Nizabwela pa holide."

Ndinavomera ndi mutu.

Anagona pomwepo, mutu uli pamwendo panga. Panja panatsala mabenchi a tchalitchi opanda munthu, ndipo kwa aneba wailesi inkamveka chapansipansi. Mwendo unachita dzanzi, koma sindinafune kumudzutsa. Ndinakhala choncho, mbale zili zosatsuka, mpaka makala a mumbaula anazima okha.