Khoma Loyera la pa Phalula

Aliyense amene anadutsapo pa Phalula anawerengapo dzanja la a Bizwick, ngakhale sawadziwa nkhope. Zikwangwani za m'mbali mwa msewu waukulu uja, kuyambira cha pachigayo mpaka "OSAKODZA PANO" wa kuseri kwa msika, zonse zinatuluka m'bulashi yawo. Ntchitoyi anaiyamba ali ndi tsitsi lonse. Lero dazi lafika pankhongo, ndipo palibe amene akukumbuka mtundu weniweni wa zikhadabo zawo.

Koma bamboyu ali ndi nthenda imodzi: sapirira kuona malo opanda kanthu. Mukawauza kuti alembe "TIKONZA NJINGA" amalembadi, kenako n'kubwerera m'mbuyo, kutsinzina diso limodzi. Akaona kampata m'munsi amaikapo vesi, pambali nambala ya foni, pakona nkhunda imene anthu ena amaiyesa nkhuku. Iwo amati khoma lili ngati munda, mlimi wanzeru sasiya mzere wosabzala.

Mwana wawo womaliza, Modester, ndiye anatengera dzanjalo. Anapita ku koleji ina ku Blantyre kukaphunzira zojambula pa kompyuta: zizindikiro za malonda, kaumbidwe ka zilembo ndi zosindikiza. A Bizwick ankauza aliyense, ofunsa ndi osafunsa omwe, kuti mwana wawo akuphunzira ntchito yawo yomweyi, kungoti yake ndi ya magetsi.

Chaka chomaliza mtsikanayo anabwera ndi ntchito ya mayeso. Aphunzitsi anamuuza kuti apeze bizinesi yeniyeni, aipangire dzina looneka bwino ndi chizindikiro, alembe pakhoma, ajambule, atumize chithunzicho pofika Lachisanu madzulo. Akalephera pamenepa, abwereza chaka chonse. Modester anasankha tiyirumu ya azakhali ake, a Scholastica, mlongo wawo wa a Bizwick, amene amagulitsa tiyi ndi mandasi pafupi ndi poimira maminibasi.

Lachitatu bambo ndi mwana anapenta khoma lonse la kumsewu kukhala loyera mbee. Lachinayi Modester anamatapo mapepala amene anasindikiza ku Balaka, a Bizwick n'kumatsatira ndi bulashi. Zinatuluka zilembo zakuda zoongoka bwino, "PA SCHOLA", ndi kakapu kofiira pamwamba pake. Zonsezo zinakhala pakona ya kumanzere, pamalo oti mphasa imodzi ikanaphimba.

A Bizwick anaviikanso bulashi n'kufunsa kuti alembe chiyani tsopano. Mwana anati atha. Anafotokoza kuti malo oyerawo ndi dala, kuti diso la munthu wa m'minibasi ligwere pa dzina lokhalo. Bambo anagwedeza mutu ngati amva, koma mumtima munawawa. Anaganiza kuti mwanayo wasowa chonena, ndipo akuchita manyazi kuvomera.

Madzulo amenewo anthu anayamba. Wogulitsa tomato wina anafunsa ngati penti yawathera. Wa kabaza anati kapena sukulu ya ku Blantyre imaphunzitsa zilembo zisanu ndi zitatu zokha. A Scholastica nawo anadandaula kuti mlendo adziwa bwanji kuti amatchajanso mafoni. Mawu amenewa a Bizwick anawameza, koma sanatsike.

Lachisanu m'mawa Modester anakwera minibasi kukatenga timapepala tomata pa majumbo a mandasi ku Balaka. Minibasi isanabisike n'komwe, makwerero anali atatsamira kale khoma. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo tsiku limenelo anakanda ndithu. A Bizwick analemba tiyi wamkaka ndi wopanda mkaka, mandasi, masikono, chigumu, zibwente, mayunitsi ndi kutchaja mafoni. Analemba "TAKULANDIRANI" wobiriwira, "PITANI BWINO" wachikasu, ndi Salimo 23 pafupifupi theka. A Scholastica anaima pansi n'kumakumbutsa zoiwalika. Pofika 11 koloko panalibe poti ntchentche ingatere osaponda chilembo, ndipo kakapu kofiira kaja kanali katapeza mnzake, nkhunda.

Kunena zoona khomalo linakongola mwa mtundu wake. Anthu anasonkhana, ena anaomba m'manja, wa kabaza uja anati tsopano zaoneka kuti mwana anapitadi kusukulu. A Bizwick anayankha monyada kuti zonsezo ndi nzeru za Modester, iwo angogwira bulashi.

Modester anatsika minibasi dzuwa lili paliwombo. Anayang'ana khoma, anayang'ana bambo ake, n'kukhala pansi pa benchi ya tomato, phukusi lake lili pamiyendo. Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino, chifukwa a Bizwick amadziwa kuyankha munthu wokalipa. Koma iye misozi inangoyamba kutsika.

"Ababa, mwandilepheretsa mayeso."

"Iyayi mwanawe, ine ndimati ndikuthandize. Anthu amati mwana wa Bizwick wasowa cholemba."

"Ndinali nacho cholemba, ababa. Ndinasankha kusalemba. Zaka zinayi zonsezi ndimaphunzira zimenezo."

Apa mutu wa a Bizwick unaima. Zoti munthu angapite mpaka ku Blantyre kukaphunzira kusalemba, sanazimvetse tsikulo, ndipo ndikukayika ngati akuzimvetsa lero. Koma misozi ya mwana wawo anaimva. Anatenga chigubu cha penti yoyera yotsala, n'kukweranso makwerero aja.

Munthu amene sanafufutepo chilembo chake kwa zaka makumi atatu anayamba ndi chigumu, kenako zibwente. Pa Salimo anazengereza, anavula chipewa kaye. A Scholastica anachonderera kuti asiyeko mayunitsi okha, achimwene awo sanatembenuke. Penti yoyamba itauma, TAKULANDIRANI ankasuzumirabe, ndiye anabwereza kachiwiri, kachitatu. Nkhunda ndiyo inavuta kwambiri, inalira kanayi. Cha m'ma 4 koloko khoma linayera, Modester anajambula, n'kukaima pachulu cha kuseri pamene netiweki imagwira, chithunzi chinapita.

Loweruka mtsikanayo anabwerera ku Blantyre, atanena kuti aphunzitsi angathe kutuma munthu kudzaona khomalo tsiku lililonse zotsatira zisanatuluke. Ndiye vuto lina linabadwa. Pa Phalula khoma loyera ndi nyama yopanda mwini. Pali a misonkhano ya chitsitsimutso, pali asing'anga obweza akazi othawa, pali ogula nandolo, onse ali ndi mapepala ndi phala lomatira. A Bizwick anatenga mpando n'kukakhala patsinde pa khomalo kuyambira m'mawa, ntchito zina zonse zinaima.

Tsiku la msika kunabwera bambo wina wa jekete, mpukutu wa mapepala uli m'khwapa. Anapereka moni mwaulemu n'kupempha kuti amate chimodzi chokha, poti malo ndi ambiri ndipo sipanalembedwe kanthu. A Bizwick anadzuka, naima pakati pa bamboyo ndi khoma, manja atatambasula.

"Pepani akulu, pamenepa mpodzaza. Analembapo kale mwana wanga. Kungoti ine ndi inu sitinafike kalasi yowerengera zimenezi."