Jekete la Alamu

Chaka chimene alamu anga anamwalira, ine n'kuti ndikuphunzira saikoloje Loweruka lililonse ku City Centre. Ndinali nditangolawako, koma matama ake! Mnzanga kuofesi akati mutu ukuwawa, ine n'kumuuza kuti ndi nkhawa yobisika.

Alamuwo ankalondera nyumba ina ku Area 10. Maliro atatha, abale awo anagawana zovala monga mwa mwambo, ndipo mkazi wawo, amene ndi akulu anga, anatsala ndi jekete limodzi lokha, lija alamu ankavala kuntchito nyengo yozizira. Ndinakawatenga akuluwo kumudzi kuti adzapumeko kwanga ku Area 15.

Jeketelo linkanunkha utsi wa mbaula ndi thukuta. M'mawa uliwonse akulu anga ankakhala nalo pamkeka pakhonde, ataliyala pamiyendo, tiyi mpaka kuzizira. M'malo mokhala nawo pamkekapo, ine ndinathamangira kope langa. Tinaphunzira kuti wofedwa amadutsa m'masitepe: amayamba wakana kuti imfa yachitika, kenako amakwiya, mpaka pamapeto amavomereza. Ndinawaika akulu anga pasitepe yoyamba, n'kuganiza kuti chowakanikiza pamenepo ndi jeketelo. Sindinawafunse chilichonse. Ndikanafunsiranji, poti yankho ndinali nalo kale m'kope?

Lachitatu lina amayi oyandikana nafe anawatenga kupita kumapemphero. Ndinalowa m'chipinda chawo, n'kutenga jekete lija, n'kuliponya m'makina ochapira. Sopo ndinathira wambiri, wa fungo la maluwa. Ndinalisita, n'kulipinda bwinobwino pabedi, mtima uli mbee ngati ndachita chanzeru.

Atabwera anakhalitsa m'chipindamo. Nditasuzumira ndinawapeza akulinunkhiza m'khosi, m'khwapa, m'matumba momwe, ngati munthu wofuna singano yotayika.

"Walichapa ndiwe?"

"Eya, achemwali. Mukuona, panopa muli pa kukana. Kuti mufike povomereza..."

"Ndinakana liti, mng'ono wanga? Dothi pabokosi ndinaponya ndi dzanja langali. Ndikudziwa kuti anapita. Fungo lawolo linkatha kale pang'onopang'ono, ndimangofuna lithe lokha."

Akanandikalipira bwenzi zili bwino, poti mayankho a mkwiyo ndinali nditawaloweza. Koma iwo anangolipindanso, n'kunena kuti, "Zikomo, layera."

Mayeso ndinakhoza bwino, ndipo funso la masitepe a chisoni ndinalipeza lonse. Aphunzitsi anali atatichenjezadi kuti anthu salira mofanana, ndi kuti ntchito yoyamba ndi kumvetsera. Zimenezo ndinazilemba m'mphepete mwa tsamba, osaziwerenganso. Mpaka lero ndimachita manyazi.

Patatha milungu iwiri akulu anga anati akufuna kukaona munda kumudzi. Ndinawaperekeza kudepoti ku Old Town, ndipo ali pawindo la minibasi ndinawauza kuti aiwala jekete.

"Sindinaiwale," anatero. "Lisunge. Si lawonso limenelo."

Likadali m'kabati mwanga, ndipo likununkhirabe sopo wanga uja.