Kho-kho-kho Potsika Phiri

Galimoto ija inali yakalekale, ya mtundu uja wokwera mapiri, yaitali miyendo ngati ng'ombe ya m'chaka cha njala. Alamu anga, akulu awo a bambo a mwana wanga, anaigula zaka zija matipate atangobwera, pamene aliyense wa tayi ankafuna kuoneka kuti naye wadya nawo. Ankaitsuka okha. Munthu amene sanatsukepo kapu yomwera yekha tiyi, koma galimoto ankaipukuta mpaka m'matayala, uku akuiyankhula.

Ine ndinkakhala kuseri kwa nyumba yawo ku Masongola, m'kachipinda ka antchito, amuna anga ali ku Joni. Pakhomo paja ndinalibe mawu, ndinali ndi maso okha. Ndipo wosesa pabwalo m'mamawa amaona zambiri, chifukwa palibe amene amamuwerengera kuti ndi munthu.

Ndiye tsiku lina kukucha, tsache lili m'manja, ndinaona alamu atatsegula boneti, mutu uli m'kati, akumanga kanthu ndi luzi kuseri kwa fani. Kansupa, kakuda bii ndi mafuta a nsatsi, mikanda yofiira m'khosi. Kwathu timazidziwa zimenezo, n'zoti wakuba akafika pagalimoto aziona chulu. Mkulu wa mpingo ameneyo! Yemwe uja woimirira kutsogolo Lamulungu lililonse, kukalipira amayi omanga ana zithumwa m'chiuno. Ndinaweramitsa mutu, n'kumasesa.

Loweruka lina akuluakulu a mpingo anapangana zokapemphera pamwamba pa phiri. Anali alamu, aphunzitsi ena opuma ntchito, ndi bambo wina wogwira ku koleji, amene ankanena chilichonse kawiri, m'Chingerezi kenako m'Chinyanja, kuti nafenso ambuli tipinduleko. Ine ananditenga kuti ndikanyamule mphasa ndi fulasiki, ndikawathirire tiyi akamaliza kusala kudya.

Ndinati, "Alamu, mwanayu watsokomola usiku wonse, thupi latentha."

Anati, "Mlamu, kumene tikupitaku n'kwa Sing'anga wamkulu. Kwerani."

Ndinakwera. Ndikanatani? Denga linali lawo, ufa unali wawo. Mwana wanga wamkazi, woyamba, anali asanayambe n'komwe kukwawa.

Kumwamba kuja kunali nkhungu, mphepo yozizira ikulira m'mapaini. Iwo anavula nsapato, n'kuyamba kufuula ngati Mulungu ndi gonthi. Ine ndinakhala patsinde, ndamasula mwana kumsana, ndamupatsa bere, wakana, ndamupatsanso, wakananso. Kupuma kwake kunali kothamanga, ka-ka-ka, pansi pa nthiti pakulowa m'kati ngati wina akukoka ndi chingwe, kulira kwake kochepa ngati kwa kamwana ka mphaka. Ndinapita kukagwira jekete la alamu. Anatsegula diso limodzi nati, "Dikirani ameni." Ameni ameneyo anachedwa ngati wachokera ku Blantyre wapansi. Atafika, anamwa kaye tiyi, ndi mabanzi omwe, kenako tinanyamuka.

Msewu wotsika phiri lija ndi wopapatiza, wokhotakhota, mbali ina khoma la miyala, mbali ina phompho. Titangotuluka m'nkhungu tauni inaoneka pansi, malata akunyezimira, ndipo ndinkatha kuloza ndi chala dera limene kuli chipatala. Mtima unati tafika. Pomwepo ndiye zinayamba.

Kho-kho-kho-kho.

"Imani!" anatero a ku koleji. "Injini iyi ikufuna kunoka. Imani, akulu a mpingo, mungaiphe!"

Mungaiphe. Mawu amenewo anawanenera chitsulo.

Alamu anaima pamalo pena pathyathyathya, pamene amayi amagulitsa masitirobere m'timbale. Phokoso linatha. Anaponda mafuta, vuu, vuu, palibe kanthu. Tinanyamuka, mphuno ya galimoto itangoloza pansi, kho-kho-kho. Tinaimanso pamalo ena oti phwata, n'kutsegula boneti, amuna atatu n'kulowetsamo mitu ngati nkhuku pa lichero.

"Ndi fanibeloti iyi," anatero aphunzitsi. "Yanga ija inkatero."

A ku koleji anati, "Yanu ija inali njinga yamoto, aphunzitsi. Awa ndi mabeyaringi. Ndikuti mabeyaringi."

"Mabeyaringi amalira potsika pokha? Ali ndi mantha ndi phompho?"

"Pali sayansi yake. Oyilo amathawira kutsogolo."

Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, kupukuta pa hanki, kubwezera, kusololanso, kununkhiza. Aphunzitsi anatenga sikuludiraiva, nsonga pa injini, chigwiriro kukhutu, maso ali tsinzi, kumvetsera monga anaonera amakanika a kumsika akuchitira. Anamvetsera apa, anamvetsera apo. "Chetechete, ndikumva kanthu," anatero, ndipo anatembenukira kwa ine, "Mayi, tamutontholetsani mwanayo pang'ono." Mwana amene kulira kwake kunali kutatha kale, kwangotsala kubuula. Amuna atatu ophunzira, makutu asanu ndi limodzi, onse pa chitsulo. Panalibe ngakhale mmodzi amene anaika khutu pachifuwa cha mwana wanga.

Koma ine ndinkayang'ana alamu. Sankanena kanthu, iwo amene nthawi zonse amadziwa chilichonse. Anaima atatsamiritsa mimba yawo chakutsogolo kumene kuli fani, thukuta lili kamukamu m'mphepo yozizira ija. Aphunzitsi atati asuzumire kumeneko, alamu anawagwira dzanja. "Uko ayi, kukutentha. Amakanika anga anaonako kale, kulibe vuto." Apo m'pamene ndinadziwa, ndipo ndinadziwanso kuti iwo akudziwa. Luzi lija linali litakhwepa. Galimoto ikaima bwino, kansupa kankangolendewera phee. Ikaweramira kutsogolo, nako kankapita kutsogolo, monga mutu wa mwana umagwera pakhosi pako ukawerama potunga madzi, ndiye fani inkakamenya.

Ankadziwa! Chinthu chongodula ndi chala. Koma akanachitulutsa bwanji pamaso pa akulu anzawo?

A ku koleji anati, "Tisaiyendetsenso. Tituma mmodzi wa awa otsika ndi nkhuni panjinga akatiitanire makanika."

Alamu anati, "Ndi nzeru imeneyo."

Ndi nzeru imeneyo. Wankhuni akatsike phiri lonse akukoka mabuleki, akagulitse kaye nkhuni zake, akafunefune makanika, makanika akafunefune chokwera. Ndinayang'ana mwana. Milomo yake inali itayamba kuda, maso akutembenuzika. Ndinaganiza za kachipinda kaja, za ufa uja, za amuna anga kutali ndi zomwe adzauzidwe za ine, koma ndinapita. Ndinagwada pafupi ndi alamu monga mwa ulemu wake, chikwama cha matewera chili paphewa, n'kunena motsitsa kuti amve okha.

"Alamu, chija munamanga ndi luzi chija chamasuka. Muchotsa nokha, kapena ndiwauze aphunzitsi poti agwire?"

Anandiyang'ana ngati mbuzi yayankhula. Kenako, tamverani nzeru za munthu wa Mulungu, anakweza manja.

"Abale, tataya nthawi ndi nzeru za thupi! Uwu ndi mzimu wotchinga ulendo. Zimitsani injini, gwirani galimoto, tsekani maso, tiudzudzule!"

Anatseka maso, aphunzitsi agwira chitseko, a ku koleji agwira galasi. Alamu anapemphera mokweza kuposa kumwamba kuja, "Tuluka! Tuluka!", dzanja limodzi lili kumwamba, linalo likufufuza kuseri kwa fani. Ndinamva luzi likuti thu. Anayang'ana uku ndi uku, m'thumba la jekete simukanakwana, kutaya kutchire kukanamveka, ndiye anakankhira chinthu chija m'chikwama changa cha matewera, chili chotentha. Maso anga anali otsegula. A alamu nawonso anali otsegula. Ameni wa ulendo uno sanachedwe.

Galimoto inatsika phiri lonse ili chete ngati mkwatibwi. Aphunzitsi ankaimba, a ku koleji akuti sayansi ili ndi malire ake, ndikuti malire. Ine ndinkangopumira pamodzi ndi mwana, ndikuti puma, mayi, puma, taona mlatho uwo, taona msika uwo, puma.

Kuchipatala anesi anangomuona n'kumulanda m'manja mwanga, kuthamanga naye, timachubu ta mpweya m'mphuno, jakisoni. Anati ndi chibayo. Anati, "Thewera louma lili kuti?" Manja anga sankagwira kanthu, ndiye anakoka okha chikwama, kukoka thewera, ndipo kansupa kaja kanagwa pasimenti n'kugubuduzika mpaka pa nsapato za akuluakulu aja, amene anaima pakhomo zipewa zili m'manja.

Kho-kho-kho.

Anesi anandiyang'ana. "Ndiye chifukwa chake mwachedwa nayetu! Mumayamba mwazungulira kwa asing'anga, mwana akatsala madzi amodzi m'pamene mumatikumbuka. Mtsikana wamng'ono ngati inu, simuchita manyazi?"

Sindiwada anesi aja. Ankakalipa uku manja awo akugwira ntchito pa mwana wanga. Amene ndinawayang'ana ndi alamu. A ku koleji anapukusa mutu nati, "Umbuli ndi matenda." Aphunzitsi anati, "Ndiye mzimu uja unali m'galimoto momwemo!" Alamu anakonza pakhosi, nayang'ana anesi ndi nkhope yawo ya Lamulungu.

"Timawauza tsiku ndi tsiku, anesi. Samva."

Milomo ya mwana wanga inali itayamba kubwerera mtundu wake, ndipo ndinalibe mpweya woti ndiwonongere munthu ngati ameneyo. Ndinatola kansupa kaja n'kubwezera m'chikwama.

Mawa lake, ine ndili m'wodi, alamu anakapereka umboni kutchalitchi wa mmene pemphero linachiritsira injini pakati pa phiri. Anthu anaomba m'manja, ndinamva choncho. Za mwana ananena kumapeto, pazolengeza.

Mwanayo anachira. Titatuluka, kansupa ndinakaika pawindo la kachipinda kanga, kumbali yoyang'ana poimika galimoto, kuti akamaipukuta azionana nako. Sanandithamangitse, sanalembere mng'ono wawo kalikonse, ndipo mwana akangotsokomola kamodzi ndinkaima pakhomo pawo osagwada, n'kunena kuti, "Alamu, kuchipatala." Ankatenga makiyi okha.

Galimoto ija inakhala yopanda mankhwala zaka zonse zotsatira, ndipo palibe wakuba amene anaikhumbira. Lero ili pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikira m'mipando. Mwana wanga ndi wamtali kuposa ine, amakwera phiri lija wapansi ndi anzake, n'kubwera akuseka, osapuma n'komwe mwabefu. Koma akagona ndimaimabe pakhomo pake pang'ono, khutu lili tcheru.