Buleki Yakutsogolo ya a Bobini

Atelala a m'tauni yonse ankawadziwa ndi dzina lakuti a Bobini, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe kuti anali ndi dzina lina. Ntchito yawo inali yokonza makina osokera. Makina akayamba kudula ulusi kapena kudumphadumpha, telala ankangotchera khutu kumsewu, chifukwa njinga yamoto ya a Bobini inkamveka isanaoneke. Inali njinga yakalekale, yakuda, yolemera ngati ng'ombe, ya nyali imodzi yaikulu ngati mbale. Anaigula adakali mnyamata kwa mkulu wina wopuma ntchito, ndipo ngakhale nthawi imeneyo inali nkhalamba kale.

Akazi awo anawapeza pa ntchito yomweyi. Mayiwo ankasoka pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo makina awo ankawonongeka kawirikawiri modabwitsa. Patapita zaka, anadzanena okha akuseka kuti ankamasula dala kasikulu kamodzi kuti mnyamata wa njinga uja abwerenso. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi, amene atakula anakakhala namwino mumzinda wina wakutali.

Mayiwo sanadwale nthawi yaitali. Kunayamba kutopa, kenako kutupa miyendo, kenako chipatala. Atamwalira, anthu ankayembekezera kuti a Bobini adzigwetsa pansi, koma sanatulutse msozi. Ankagwira anthu chanza, kuthokoza, kuwalozera kumene kunali mipando. Anthu atabalalika, anatseka chitseko. M'mawa ankawiritsa madzi a tiyi n'kuiwala kuthira masamba, n'kumwa choncho. Sikuti ankaganiza kwambiri, ayi. M'mutu munkangokhala zii, ngati wailesi yotha mabatire. Njinga inakhala m'kashedi kuseri kwa nyumba nyengo yonse ya mvula, nkhuku za aneba zikugona pachishalo.

Tsiku lina kunabwera telala wina wokalamba, wosoka mayunifolomu a ana a sukulu. Anaima pakhomo atagwira chipewa m'manja.

"A Bobini, pepani ndi zonse zija. Koma inetu ndafa. Makina akungotafuna nsalu, ndiye masukulu atsala pang'ono kutsegulira."

"Ndibwera," anatero a Bobini. Sanaganize n'komwe. Pakamwa panangoyankha zomwe panazolowera.

Injini ya njinga inavuta, koma atapondaponda inatsokomola n'kulira. Vuto linali kudzanja lamanja. Atafinya buleki yakutsogolo, kachitsulo kofinya kaja kanangopita kofewa mpaka kukagunda pahandulo, osagwira kanthu. Njinga yolemera choncho siima ndi buleki yakumbuyo yokha. Anaizimitsa n'kuikankha mpaka kugalaja kwa alamu awo, mchimwene wa malemu, makaniki wamimba yaikulu amene ankalankhula kuyambira potsegula mpaka potseka.

"Alamu! Mudakali moyo? Ndimaganiza kuti nyumba ija yakumezani. Nanga gogoyu wadwala chiyani?"

"Buleki."

Alamuwo anagogoda ndi chala kabokosi kachitsulo kamene kali pahandulo, pafupi ndi pofinyira. "Ndi masita silinda iyi. Mukafinya apa, kapisitoni kali m'katimu kamakankha mafuta, mafutawo n'kutsika ndi paipi kukamanga wilo. Tiyeni tione ngati muli kanthu."

Timasikulu ta pachivundikiro tinali titadyedwa ndi dzimbiri, moti kamodzi anachita kukaboola ndi dirilo. Atatsegula, m'malo mwa mafuta munali matope ofiirira, ouma m'mbali. Anamasula paipi, n'kuchotsa kabokosi konse pahandulo, n'kukamanga pavaisi yopanira zitsulo. Kapisitoni kanakanirira. Anakathira mafuta omasulira dzimbiri, kukagogoda pang'onopang'ono, mpaka kanatuluka pamodzi ndi kasipuling'i kake. Timphira take tinali titang'ambikang'ambika ngati milomo ya m'nyengo yozizira.

"Timphira iti sitipezeka m'tauni muno," anatero alamu. "Amene anapanga njingayi anafa kale, ndi adzukulu awo omwe."

Madzulo amenewo mwana wawo uja anaimba foni monga ankachitira masiku onse.

"Bambo, mwadya?"

"Ndadya."

"Mwadya chiyani?"

Anayang'ana patebulo kuti aone chomwe anadya. Panalibe mbale. Mwanayo anayambanso nkhani yake ija, yakuti agulitse njinga, atseke nyumba, abwere adzakhale naye. A Bobini ankangoti chabwino, chabwino. Pomaliza anatchula za timphira, ngati munthu wonena kuti kunja kwachita mitambo.

Mwanayo anati, "Amalume anditumizire chithunzi chake. Kuno kuli sitolo ya zitsulo za njinga zakale. Koma musaganize kuti ndavomera."

Kaphukusiko kanafika pa basi patapita masiku. Munali kapisitoni katsopano, timphira, kasipuling'i ndi kawaya kopindika kotsekera zonsezo. M'kati mwa silinda munali modyeka, ndipo zala za alamu zinali zonenepa kwambiri, choncho a Bobini anakulunga sandipepa wosalala pa kamtengo n'kuyamba kupukuta okha. Ankazunguliza, kutsuka, kusuzumira poloza kudzuwa, kuzungulizanso. Ntchitoyo inawakomera chifukwa sinkafuna kuti amve chilichonse.

Alamu ankalongolola chapambali. Anakamba za kasitomala wina amene anathira mafuta ophikira mu buleki. Anakamba za mpira. Kenako, osadziwa kuti afikako bwanji, anayamba kukamba za mlongo wawo ali mwana, mmene anawasokera kabudula woyamba n'kutseka mwendo umodzi, iwo n'kupita kusukulu akudumpha ngati chule. Anaseka mpaka kugwira mimba. Kusekako kunatembenuka pakati, ndipo bambo wamkuluyo anakhala pa tayala lakutha n'kulira mokweza, akupukuta nkhope ndi chiguduli cha girizi.

A Bobini anaima ndi kasipuling'i m'manja. Ankaona misozi ikutsetsereka m'masaya akudawo ngati munthu woonera mvula pawindo. Ankadziwa kuti pamafunika kunena mawu, koma atafufuza m'kati mwawo sanapezemo kanthu. Anadikira. Alamu atamina, a Bobini anafunsa kuti, "Kamphira aka kamayang'ana kuti?"

"Kukamwa kwake kuloze m'kati," anayankha alamu ndi mawu osasa. "Kanyowetseni kaye ndi mafuta a buleki."

Anabwezera zonse mmene zinalili, kawaya kaja n'kulowa m'malo mwake kuti tswi. Anamanga kabokosiko pahandulo, kulumikiza paipi, n'kuthira mafuta atsopano oyera ngati madzi. Panatsala kutulutsa mpweya. Alamu anagwada pa wilo lakutsogolo ndi sipanala yaing'ono ndi botolo.

"Finyani. Finyani. Finyaninso. Gwirani pomwepo!"

Ankamasula kasikulu, mafuta n'kutsikira m'botolo ndi thovu, n'kumanganso. Anabwereza mpaka dzanja la a Bobini linachita dzanzi, buleki ili yofewabe.

"Gogoyu ali ndi mpweya wambiri m'mimba kuposa ine," anatero alamu, akugogoda paipi ndi sipanala.

Timathovu tinakwera m'kabokosi muja, tating'ono ngati maso a singano. Kenako kachitsulo kaja kanayamba kukana. Kanaima pakati, kolimba, ngati munthu wakugwira dzanja. A Bobini anakankha njinga n'kufinya, ndipo mphuno yake inagwada pansi.

Anamanga bokosi la zitsulo n'kunyamuka kupita kwa telala uja. Msewu unali womwewo, maenje ake omwewo. Pamphambano ya pamsika, munthu wina wokankha wilibala ya makabichi anangolowa mumsewu osayang'ana. A Bobini anafinya, njinga inaima nji. Anapezeka atalimbitsa msana ndi khosi, akudikira. Zaka zonsezo, akamanga buleki mwadzidzidzi, chisoti cha akazi awo chinkagunda chawo kumbuyo kuti gu, kenako chala chinkawabaya m'nthiti: "Kodi mwanyamula thumba la simenti?" Anadikira ndithu. Wa wilibala anadutsa, anapepesa ndi dzanja. Galimoto ya kumbuyo inaliza hutala. A Bobini anaponda giya n'kumapita.

Masukulu anali atatsegulira kale. Telalayo anali atabwereka makina a mpongozi wake, koma sanadandaule. A Bobini anagoneka makina owonongeka aja chagada, n'kupeza kuti shatulo yonyamula ulusi wapansi inkafika mochedwa pa singano. Anaikonza, anathira mafuta, anasoka mzere pa kansalu koyesera. Unatuluka wowongoka.

"Nanga inuyo muli bwanji, a Bobini?"

"Tilipo."

Asanamange bokosi, mayi wina wosoka makatani pakhomo loyandikana anali ataima kale pambali, akuti nawonso makina awo akulira modabwitsa.

Kwa mwana wawo sanapite, ndipo mwanayo patapita nthawi anasiya kuikamba nkhaniyo, ngakhale amaimbabe kufunsa ngati adya. A Bobini amayendabe m'makonde a atelala. Salankhula zambiri ngati kale, ndipo akawapatsa tiyi nthawi zina amamusiya mpaka azizire. Loweruka amadzera kugalaja, alamu n'kumalongolola, iwo atakhala pa tayala kumvetsera.