Tsiku limene ndinagwa m'matope a ku Soche

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali m'Sitandade 6, m'zaka za m'ma 1970, tikukhala ku Zingwangwa. Amayi ankagwira ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba za mabwana kutauni, ndipo ukhondo wa kuntchitowo ankabwera nawo kunyumba. Yunifomu yanga inkasitidwa mpaka kuima yokha. Ine ndinakula ndikuopa litsiro kuposa mkwapulo. Mvula ikagwa ndinkayenda monyang'ama, kulambalala chithaphwi chilichonse, mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Dona.

Koma kuthamanga ndinkakukonda. Pabwalo louma panalibe mtsikana wondipitirira, kupatula mnzanga Asiyatu, mwana wa atelala amene ankasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Choncho aphunzitsi athu a zamasewero, a Likoswe, atalengeza kuti asankha timu yokapikisana ndi sukulu zina pa liwiro la mtunda wautali, ndinadziwerengera kale. Anati tidzathamanga kukwera m'mbali mwa phiri la Soche n'kubwerera, ndipo ofika msanga ndiwo adzatengedwe.

Tsikulo litafika, kunacha ndi mvumbi. Phiri silinkaoneka, nkhungu italiphimba. Tonse tinkayembekeza kuti atiuza kuti tidzathamange tsiku lina, koma a Likoswe anatulukira atavala kabudula, wezulo ali m'khosi, mimba ili patsogolo.

“Kodi mvula inakulemberani kalata kuti pa tsiku la mpikisano siidzagwa?” anatifunsa. “Vulani nsapato, amene muli nazo. Tiyeni!”

Masiku amenewo lamulo silinkalola kuti mtsikana aonetse bondo, ndiye anyamata ankathamanga m'makabudula pamene ife tinali m'madiresi athu aatali. Diresi ikanyowa inkalemera n'kumamatira m'miyendo. Tinadutsa pakati pa nyumba, amayi ena akutisuzumira m'makomo n'kumatiseka, kenako tinalowa m'kanjira ka m'minda ya chimanga. Dothi lake linali lakatondo, loterera ngati therere. Masamba a chimanga ankatikwapula kumaso ndi madzi ozizira.

Anzanga ankangoponda paliponse, matope akuthovukira m'mwamba. Ine ndinali nditagwira diresi yanga ndi manja onse awiri, maso ali pansi, kusankha poponda. Anandipitirira mmodzimmodzi, ngakhale tiana tam'Sitandade 4 timene tinangotsatira chifukwa cha chisangalalo. Asiyatu anacheuka n'kukuwa kuti, “Chemwali, fulumira!” Kenako anazimiririka m'nkhungu.

Posakhalitsa ndinapezeka kuti ndatsala ndi a Likoswe okha, amene ankabwera pambuyo kuti pasasochere mwana. Ndinkamva wefuwefu wawo kumbuyo kwanga. Sanandikalipire. Titafika pachitunda china pansi pa mitengo ya bulugama, ndinangomva khuu! Nditacheuka ndinaona aphunzitsi athu, munthu amene tinkamuopa m'kalasi la masamu, akutsetsereka chagada, miyendo ili m'mwamba, mpaka anakaima pa phando la chimanga. Ndinagwira pakamwa. Kuseka mphunzitsi unali mlandu waukulu.

Iwo anadzuka pang'onopang'ono, msana wonse uli psuu, n'kuyamba kuseka okha.

“Basi, ine ndathana nazo,” anatero. “Matope ndapatsana nawo moni, tsopano tadziwana. Iwe ukadali mlendo, n'chifukwa chake ukuchita nawo manyazi.”

Sindinamvetse, koma nthawi yanga sinachedwe. Pamene njira inkakhotera kumunsi panali kakhwawa kamene madzi ake amakathira mumtsinje wa Naperi. Ndinayesa kulumpha mwaulemu, diresi ili m'manja. Phazi linaterereka ndipo ndinagwa chafufumimba, thapsa! Matope analowa m'kamwa, m'mphuno, ngakhale m'khutu. Ndinadzuka n'kudziyang'ana. Panalibe malo ngakhale amodzi oyera. Ndinadikira kuti misozi ibwere, koma m'malo mwake ndinamva thupi langa litapepuka. Chimene ndinkachiteteza m'mawa wonse chinali chitawonongeka kale, ndipo manja anga anali opanda ntchito.

“Nanga ukudikiranso chiyani?” anakuwa a Likoswe. “Thamanga!”

Ndinathamanga. Ndinaponda pakati penipeni pa zithaphwi, matope ofunda akutuluka pakati pa zala za kumapazi. Potsetsereka ndinkangodzisiya, ndikagwa n'kudzuka. Ndinapeza tiana tija, ndinapeza gulu la anyamata amene ankakokana pamalo oterera akuimba nyimbo yopeka pomwepo yonyoza mvula, ndipo ndinaimba nawo ndikuwadutsa. Mnyamata wina anakuwa kuti, “Taonani Dona!” Onse anaseka, inenso ndinaseka, mano okha akuoneka.

Asiyatu ndinamupeza titayandikira msika. Atandiona anatsala pang'ono kugwa ndi phwete. Anandigwira dzanja n'kundikoka pamene mpweya unkandithera, ndipo tinalowa pabwalo la sukulu motsogozana. Atsikana angapo anali atafika kale. Pa amene anasankhidwa, ine ndinali womaliza, koma ndinalowa m'timu.

Mantha anandibwerera panjira yopita kunyumba. Amayi tsiku limenelo anali ataweruka msanga, ndipo ndinawapeza pakhonde akutchezera madzi a mvula m'ndowa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ndiwe mwana wa yani?” anafunsa.

“Wanu, amayi.”

“Wanga ndinamutumiza kusukulu m'mawa ali woyera. Chachitika n'chiyani?”

Ndinafotokoza zonse mwachibwibwi, za mpikisano, za a Likoswe, za kakhwawa kaja. Pamene ndinkanena za aphunzitsi akutsetsereka chagada ndinaona milomo yawo ikunjenjemera.

“Ndiye wakhala nambala chani?”

“Womaliza pa osankhidwa.”

“Womaliza! Diresi yonseyi kuiwononga chonchi, n'kukhala womaliza?” Ananyamula ndowa ija n'kundikhuthulira madzi onse pamutu, akuseka mpaka kutsamira chipupa. “Ukanagwa msanga, mwana iwe, bwenzi uli woyamba.”

Ku mpikisano weniweniwo sitinapambane, koma tinabwerako tikuimba m'lole, ndipo ine ndi Asiyatu tinathamangira sukulu yathu mpaka tinamaliza pulayimale.

Lero mawondo anga sandilolanso kukwera Soche. Koma pa moyo wanga ndayambapo zinthu zambiri zimene ndinkaopa kuti ndichita nazo manyazi pamaso pa anthu: kuima kutsogolo kwa kalasi koyamba monga mphunzitsi, kuphunzira kuyendetsa galimoto imvi zitayamba kale, kuyambanso moyo bambo a ana anga atatisiya. Nthawi zonse ndapeza kuti chimene chimandichedwetsa si kugwa ayi, koma kuyenda ndikudzisunga kuti ndisagwe. Ndiye ndikaona kuti kutsogoloku n'koterera ndipo palibe njira yolambalala, ndimangopempha kuti ngati kugwa kulipo, kubwere koyambirira, ulendo ukadali wautali.