Chaka Chimene Amayi Anaphunziranso Kuyenda

Ndinali ndi mpira wa nsanza, womanga ndi luzi, waukulu ngati papaya. Chaka chimene mlongo wanga anabadwa, titangomaliza kukolola, abambo anandilanda mpirawo. Ndinalira mpaka mawu anasasa, ndipo iwo sanandikalipire.

Amayi anatuluka m'chikuta akukwawa. Ankati mafupa a m'chiuno akumveka ngati alekana kutsogoloku, ndipo akati aponye phazi ankagwira chipupa n'kuluma mlomo. Akulu awo anawathowa ndi madzi otentha a masamba mwezi wathunthu, koma sizinasinthe. Kwathu, kufupi ndi Nsanama, mayi wa khanda akadwala chonchi anthu sankafunsa za mafupa. Ankafunsa kumene mwamuna wake wakhala akuyenda. Abambo anali mkamwini, wochokera kunyanja ya Chiuta. Amalume, eni mbumba, anaima pakhonde pathu n'kunena kuti: "Alamu, mvula ikagwa mlongo wangayu asanayende, mupinde mphasa yanu."

Sindiwaweruza amalume. Anali ataika kale alongo awo awiri m'manda, ndipo amene ankalankhula anali mantha.

Abambo anapempha malo pa lole ya thonje, nawoloka Shire pa Liwonde pamodzi ndi amayi ndi khanda, mpaka kuchipatala china cha mishoni cha ku Balaka. Ife kumudzi tinkangoganiza za jekeseni. Anabwerako opanda ngakhale botolo, ali ndi malangizo okha a asisitere: chiuno chimangidwe zolimba ndi nsalu, mawondo asatalikirane podzuka, mtsuko ndi mtondo ayambe aiwala.

"Mankhwala ake omwewa?" anatero amalume. "Akuseweretsani kumeneko."

M'mawa uliwonse amayi ankagona chagada pamphasa, atapinda miyendo, mpira wanga uli pakati pa mawondo, n'kumaufinya. Abambo analibe wotchi, choncho ankayeza nthawi ndi korona: Tikuoneni Maria mmodzi wofinya, wina wopuma. Kenako amayi ankatukula chiuno pang'ono, dzanja la abambo lili kunsi kwa msana. Ndimakumbukirabe fungo la mafuta a nsatsi, thukuta pamphuno pa amayi, ndi kudandaula kwawo: "Abambo ake, mukupemphera mochedwa dala inu." Abambo ankamwetulira, koma osafulumira ngakhale pang'ono.

Madzi ankatunga ndi abambo. Azimayi pachitsime ankawafunsa ngati akufuna kubwereka nkhata, iwo n'kulandira ndi manja awiri. Patapita zaka zambiri, mkazi wanga atagona ndi matenda amene anamutenga, ndinapeza kuti manja anga akudziwa kale kudzutsa munthu osamupweteka. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha m'mawa onse aja.

Amayi anayamba ndi kufika pankhokwe. Patapita milungu anafika pamtengo wa mango. Amalume ankadutsa ngati akupita kwina, maso ali pamapazi a mlongo wawo. Kuchira kwenikweni kunadza mochedwa, chimanga chitamasula kale ngaiyaye, koma zimenezo ndinazidziwa nditakula.

Mitambo itayamba kusonkhana pamapiri, tsiku lina masana amayi anamanga nsalu yawo nasiya ndodo pakhomo. Anadutsa pakati pa mudzi, anthu akuwaona, ine ndili pambuyo, mpaka kunyumba kwa amalume. Sanakhale pansi.

"Achimwene, ndadzapempha mbewu ya chimanga. Amuna anga akufuna kudzala."

Amalume analowa m'nyumba, natuluka ndi lichero lodzaza.

Pobwerera, titakhota kuseri kwa nyumba yathu kumene kunalibe wotiona, amayi anandigwira phewa mwamphamvu mpaka zikhadabo zinandilowa. Miyendo yawo inkanjenjemera, misozi ikutsikira pachibwano. Ine ndinali wokondwa, ndikufuna kuthamanga kukauza anzanga kuti amayi achira. Sindinamvetse chimene munthu wochira ankalirira, kapena chifukwa chake anandinong'oneza kuti: "Usakawauze abambo ako."