Dzina la Zuze likutchulidwa kunja

Lachiwiri ndinakwera sitima kupita ku Chiromo kukapepesa maliro a bambo Alufandika, msodzi wa m'madambo a Shire. Mwana wawo, Zuze, ndinaphunzira naye kuyambira ku pulayimale. Ine ndinathera pa uphunzitsi wa sayansi kuno ku Nsanje. Iye anapita kutsidya kwa nyanja, ndipo lero ndi katswiri wa fizikisi. Amafufuza tinthu tochepetsetsa kuposa atomu, timene timapanga chilichonse, kuyambira mchenga mpaka dzuwa.

Kumaliro a bambo ake sanabwere.

Anthu atabalalika, mayi ake anandiitanira m'nyumba. Anatsitsa chitini kudenga, kumene amabisa zinthu poopa madzi osefukira. M'chitinimo munali timabuku ta Chingerezi timene Zuze wakhala akutumiza, dzina lake lili pamwamba pa kalikonse.

“Aphunzitsi,” anatero mayiwo, “inu ndinu ophunzira. Musandibisire. Mwana wanga anapalamula chiyani?”

Ndinadabwa. Anandipatsa kalata yakale, yong'ambikang'ambika m'mopinda. Zuze analembamo kuti: “Baba, ntchito ikuyenda. Akatswiri a m'mayiko ambiri akugwiritsa ntchito zimene ndinapeza, ndipo akamalemba zawo akutchula dzina langa.”

“Bambo ake atangomva zoti akumutchula, anakhala masiku awiri osadya,” anapitiriza mayi aja. “Kuno munthu akamatchulidwatchulidwa, mapeto ake galimoto ya apolisi imaima pakhomo. Ndiye anamulembera kuti asadzabwerenso, ngakhale adzamve kuti tafa.”

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati kwa anthu ofufuza, kutchulidwa ndiye kukolola. Wina akamanga pa maziko ako, amalemba dzina lako kumapeto kwa nkhani yake. Ochuluka akakutchula, ndiye kuti ntchito yako yalemera. Wosatchulidwa ali ngati wolima munda umene sunabale.

“Ndiye akumuyamika?”

“Akumuyamika kwambiri, amayi.”

Nkhope yawo inawala pang'ono. “Nanga ndimuuze abwere? Adzaoneko manda.”

Ndinayang'ana pansi. Kodi inu, owerenga anzanga, mukadayankha chiyani? Tonse tikudziwa ophunzira ena amene anabwerako ndi mapepala awo, koma lero sitifunsa kumene ali. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Bambo Alufandika analakwitsa tanthauzo la kalata, koma sindinganene kuti analakwitsa malangizo.

Ndiulule china. Ndinatsegula kabuku kamodzi, ine mphunzitsi wa sayansi. Ndinatha mizere itatu yokha, kenako masamu ake anandikana. Kusukulu kwanga ndimaphunzitsa za maginito popanda maginito. Atomu ndimaijambula ndi choko, ana n'kuloweza, n'kukhoza mayeso, osafunsa funso ngakhale limodzi. Ndipo ndani angawadzudzule? Aona okha kuti wofunsafunsa sakhalitsa.

Tinazolowera kudziphimba. Mwana akakhoza bwino timamuuza kuti asaonekere. Munthu akalemba kanthu, timayamba tafufuza amene angakwiye nako, tisanafunse ngati n'koona. Dzina la mwana wa ku Chiromo likuzungulira m'masukulu akuluakulu a kunja, koma kwawo kuno palibe amene angalitchule mokweza, ndipo palibe amene angawerenge zimene analemba.

Ponyamuka, mayi aja anandikankhira chitini chija.

“Tengani, mukaike kusukulu kwanu. Mwina mwana wina adzazimva.”

Sindinachilandire. Ndinaganiza za timabuku tochokera kunja, todzaza mayina a alendo, ena a m'mayiko amene sititchula. Ndinaganiza za amene angadzatipeze m'kabati mwanga, ndi za ana anga anayi.

“Zisungeni kaye, amayi,” ndinatero. “Ndidzatenga ulendo wina.”

Anadziwa kuti ulendo winawo kulibe.

“Takhuta,” anandithokoza m'Chisena, n'kutseka chitini. “Ndine wokalamba, sindingathenso kumakwera kudenga madzi akabwera. Tikameta maliro ndidzangozitentha.”

Sindinawaletse. Ndinakwera sitima kubwerera ku Nsanje, ndipo m'mawa mwake ndinaima kutsogolo kwa kalasi n'kuuza ana kuti alimbikire sukulu.

Alimbikire kuti adzakhale ndani? Ngati ine, woopa chitini cha mapepala, kapena ngati Zuze, amene sangaponye dothi pamanda a bambo ake?